Sizasi ya Mfumu ndi Timipando ta a Fomu 4

Kuli dziko lina lotchedwa Dikiranibe. Musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa mapu ake anajambulidwa kale koma sanatsegulidwe.

M'dzikomo munali lamulo limodzi loposa onse: chinthu chatsopano cha boma sichigwira ntchito mpaka mfumu itabwera kudzadula riboni. Mfumuyo dzina lake inali Mdulariboni Wachiwiri. Bambo ake ankadula mariboni, iyonso inakulira momwemo, ndipo ntchito ina sinkaidziwa. Inatsegulira milatho, misewu, mijigo ndi makola a ng'ombe za boma. Mjigo wa kwa Tidzamwaliti inautsegulira mobwerezabwereza madzi asanatuluke n'komwe. Sabata ikatha popanda chotsegulira, mfumu inkadwala mutu, moti antchito a kunyumba yachifumu ankapingasa riboni pakhomo la kubafa kuti idule isanasambe.

Ndiye sizasi ija inabuntha. Inali imodzi yokha, ya zogwirira zagolide, yosiyidwa ndi malemu bambo ake. Inayamba kumatafuna riboni m'malo modula. Koma kunena kuti chinthu cha mfumu chabuntha unali mlandu, choncho wailesi inalengeza kuti sizasi ikupuma. Inapuma chilimwe, inapuma dzinja, inapumanso chilimwe china. Mlatho watsopano wa pamtsinje wa Vulani unangokhala ndi riboni yake, anthu akuwoloka m'munsi mwake, njinga pamutu, buluku paphewa.

Pa sekondale ya Mwinamawa panali mphunzitsi wina, Mayi Velina Kamtedza, amene ankaphunzitsa luso la manja, phunziro lija ana amalitchula kuti Dizayini. Anali mayi wamfupi, wosaseka pachabe, wovala ovolo yabuluu tsiku lililonse ngakhale ovoloyo inali isanaonepo utuchi. Boma linawamangira wekishopu yokongola ya malata ofiira. Ukasuzumira pawindo unkaona masowo pakhoma, mahamala, mapuleni opalira, matabwa mulu, ndi gudumu lonolera lomangiriridwa pansi ndi mabawuti. Pakhomo panali riboni, ndipo pambali pa riboniyo panali wapolisi, a Sajeni Ndawala, amene ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti munthu asawerame n'kulowera pansi pake.

Choncho Mayi Kamtedza ankaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi wekishopuyo.

"Gwirani sowo!" amatero, ana onse n'kutambasula manja opanda kanthu. "Chala cholozera chiyang'ane kutsogolo. Elube, thabwa lako sunalipane, likugwedezeka."

Elube, mtsikana wanzeru wa Fomu 4, n'kupana mphepo.

"Chekani!"

"Khwe-khwe! Khwe-khwe! Khwe-khwe!" kalasi yonse ndi pakamwa.

Tsiku lina mnyamata wina wovuta dzina lake Sekerani anakuwa pakati pa phunziro, atagwira dzanja.

"Madamu, ndadzicheka chala!"

"Ndi chiyani?"

"Ndi sowo, Madamu. Mundilole ndipite kuchipatala."

"Chipatala sichinatsegulidwe. Tola sowo wagwetsayo upitirize."

Belu likalira, ana ankasesa utuchi umene panalibe, n'kubweza zida pakhoma limene panalibe. A Sajeni ankaonerera zonsezi, nthawi zina n'kumaphimba maso kuti utuchi ungawalowe.

Zikanapitirira chomwecho, koma chaka chimenecho a bungwe la mayeso analengeza kuti mwana aliyense wa Fomu 4 apange kampando ka miyendo inayi ndi thabwa lenileni, ndipo woyesa mayeso adzakhalapo yekha. Kakathyoka, walephera. Kakapanda kuoneka, walephera. Tsoka lake, ofesi ya mayeso inatsegulidwa sizasi ikadali yakuthwa, ndiye inali kugwira ntchito bwinobwino.

"Madamu," anatero Elube atamva, "bambo ameneyo akadzakhala pa kampando kangaka adzagwa chagada. Ndiye setifiketi yanga bwanji?"

Mayi Kamtedza anayang'ana kalasi yawo. Ana amenewa anali nawo kuyambira Fomu 1. Ankadziwa mayina a zida zonse, ankajambula mpando wokongola pa bolodi, koma panalibe mmodzi yemwe anakhomapo msomali. Mayiwo anapita kwa a Hedi.

"Zili kumtunda zimenezo, Madamu," anatero a Hedi.

"Nanga anawa?"

"Anawonso ali kumtunda."

Mayiwo anachapa ovolo yawo yosada n'komwe ija, n'kukwera basi ya ku likulu la dzikolo, mzinda wa Tikuganizirani.

Anapeza bwalo la nduna lili mkati mokambirana nkhani yaikulu, yoti mariboni a chaka chamawa adzakhale ofiira kwambiri kapena ofiira pang'ono. Mfumu inali pampando wake ikusinza, sizasi ili pambali pake pa katsamiro, itafunditsidwa kansalu. Amene ankayankhula kwambiri anali awiri: a Chiombammanja, Nduna ya Zotsegulira, ndi a Ndimeyanena, Nduna ya Zamalamulo. Mayi Kamtedza anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi, kenaka anawaitana. Anagwada.

"Mabwana, ana anga ali ndi mayeso. Tikupempha wekishopu."

"Mayi," anatero a Chiombammanja monong'ona, akuloza katsamiro, "tsitsani mawu. Ikupuma."

"Ndamva, bwana. Koma m'wekishopumo muli gudumu lonolera. Mundipatse sizasiyo, ndilowe, ndiinole, ndituluke, Mwini Dziko adule."

A Ndimeyanena anatsitsa magalasi. "Mulowa bwanji m'nyumba yosatsegulidwa?"

"Ndiye atsegule kaye."

"Ndi chiyani?"

"Ndi sizasi."

"Ikupuma."

Mayiwo anayesanso. "Nanga osagula ina, bwana?"

"Mukuyesa boma likugona?" anatero a Chiombammanja. Analoza bokosi lalikulu pakona. "Tinaitanitsa kalekale kuchokera kunja. Ili m'menemo. Kungoti bokosilo linabwera lokulungidwa ndi riboni. Tikudikira mwambo wolitsegulira."

"Pamsika wa kwathu pali bambo wonola mipeni panjinga," anatero mayiwo.

Nduna zonse zinagwira pakamwa. Ina inalavula pawindo.

"Mwala umene wanolapo mpeni wotumbulira mlamba ukhudze sizasi ya Mwini Dziko? Mayi, muli ndi ana kunyumba?"

Apa m'pamene mtima wa Mayi Kamtedza unasefukira. Anaiwala kuti agwada.

"Bwana, ine ndimaphunzitsa za zida. Sizasi sipuma. Sizasi imabuntha!"

Mawu aja anadzutsa mfumu. Inapukuta dovu n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Wati chiyani mayiyu?"

A Chiombammanja anaona kuti mawu oterowo akabwerezedwa m'bwalo, woyamba kupita ndi iwo, popeza sizasi ili mu unduna wawo. Anaomba m'manja katatu.

"Mwini Dziko, mayiyu ndi katswiri wa zida. Wati sizasi yapuma mokwanira. Wati mpaka yanenepa."

Nkhope ya mfumu inawala ngati ya mwana woona mandasi. "Inenso ndimaona choncho! Zala zanga zikuyabwa. Lachisanu tikukatsegulira wekishopu ya mayiyu."

Nduna zinaomba m'manja. A Chiombammanja anaomba nawo, thukuta likuyenderera m'khosi.

Pobwerera, mayiwo anadzera pamsika wa Mwinamawa kugula tomato. Nkhani inali itafika kale, basi isanafike.

"Aphunzitsi, tamva mwakadzutsa sizasi," anatero Nachanza wogulitsa tomato. "Akatha kwanuko adzere kuno. Chimbudzi chathu chatsopanochi tikungochiyang'ana ngati mkwatibwi. Takalamba nako kuthengo."

"Mukainyowetse riboniyo, ifewe," anatero wa makala.

"Ayi, mukaiyambe pang'ono ndi lezala," anatero wa bonya. "Mfumu idzangomalizitsa. Si mmene imachitira ndi zonse?"

Bambo wonola mipeni anasiya kupalasa njinga yake. "Ine zikomo kuti anandikana. Ukanola ya mfumu, ikadula, yadula ndi mfumu. Ikapanda kudula, wabunthitsa ndiwe."

Za lezala zija mayiwo anayesadi. Koma a Sajeni anaimirira patsogolo pa riboni, manja atatambasula.

"Madamu, ndimakulemekezani. Koma riboni iyi ndakhala nayo pa dzuwa ndi pa mvula. Muyambe mwacheka ine."

Lachisanu linafika. Amayi anavina atavala nsalu zojambulidwa sizasi. A bandi ya polisi anaimba. A Chiombammanja anayankhula mpaka mthunzi unasuntha.

"Maiko ena," anatero, "mwana kuti acheke thabwa amafuna sowo. Amafunanso thabwa. Ife, mwa nzeru za Mwini Dziko, tinadutsa pamenepo kalekale!"

Anaitana a Fomu 4 kuti aonetse. Ana anafola n'kuyamba khwe-khwe wawo. Mfumu inakondwa kwambiri, mpaka inapempha kuti kabati imene Sekerani amati wapanga ikaikidwe kuchipinda kwake. Asilikali anayi anainyamula mosamala kupita nayo kugalimoto.

Kenaka nthawi inakwana. Anachotsa kansalu, mfumu inalowetsa zala m'zogwirira zagolide, ng'oma zinalira, amayi anayamba nthungululu. Sizasi inatseka pakamwa.

Riboni inangopindika n'kulowa pakati pa mipeni iwiri ya sizasiyo.

Mfumu inakanula n'kuyesanso. Riboniyo inali ya nayiloni, ndipo dzuwa ndi mvula zinali zitaiumitsa ngati chikopa. Mfumu inagwira ndi manja awiri. Inatulutsa lilime. Inapondetsa mwendo pakhoma. A bandi anamaliza nyimbo, n'kuiyambanso, n'kuimalizanso. Amayi a nthungululu mpweya unawathera mmodzimmodzi mpaka anatsala gogo wina yekha amene ankamveka ngati nkhuku yomira. Kumbuyo kwa gulu wina anatsokomola chitsokomolo chokayikitsa.

"Chiombammanja," inatero mfumu ikupuma wefuwefu, "chikuchitika n'chiyani?"

Mayi Kamtedza anatseka maso. Anadziwa kuti katswiri wa zida uja amufuna tsopano.

Koma a Chiombammanja anagwada, n'kuyang'anitsitsa riboni ija, n'kudzuka nkhope itasintha.

"Mwini Dziko, ndimakayika kale. Riboni iyi ikukana dala. Yatumidwa!"

"Yatumidwa ndi ndani?"

"Tifufuza. Koma taonani mmene ikukuyang'anirani."

Mfumu inayang'ana, ndipo inaonadi mwano. "Sajeni! Igwireni!"

A Sajeni Ndawala anatsala pang'ono kulira. "Nthawi yonseyi ndimagawana nayo ambulera, osadziwa kuti ndi chigawenga!" Anaimasula pa mizati, anayesa kuiveka unyolo koma inkangopulumuka, ndiye anaikulunga pamkono n'kukaiponya m'galimoto ya polisi. Apolisi awiri anakhala uku ndi uku kuti ingathawe.

Khomo la wekishopu linatsala mbee, popanda chotchinga. Mayi Kamtedza anaponya phazi.

"Imani pomwepo!" anakuwa a Ndimeyanena. "Yachotsedwa, sinadulidwe. Nyumbayi ikadali yosatsegulidwa."

A Sajeni analemba mzere pansi ndi jombo, n'kuyamba kulondera mzerewo. Anthu anabalalika. Mayiwo anakhala pansi pa mango paja, ana atawazungulira. Mayeso anali atayandikira, ndipo tsopano panalibe ngakhale riboni yoti munthu n'kuiyembekezera.

Mlandu unazengedwa msanga, pakuti milandu ya oukira m'dziko la Dikiranibe sichedwa. Pamsika anali atayamba kale kuitchula kuti a Riboni. Nachanza ankati ndi munthu yekhayo m'dziko muno amene anakanapo kanthu. Wa makala ankati zisankho zikanakhalapo akanavotera iwowo.

M'khoti, riboni anaiyanika pa mpando wa oimbidwa mlandu. A Ndimeyanena, amene analinso woweruza, anaifunsa ngati ikuvomera mlandu. Sinayankhe.

"Lembani. Mwano pamaso pa khoti."

Mboni yoyamba anali Mayi Kamtedza, monga oyandikana nayo.

"Mayi, munaionapo ikuchita zokayikitsa?"

"Ayi, bwana. Kungoti kukawomba mphepo imagwedezeka."

"Imagwedezeka motani? Mmwamba ndi pansi ngati ikuvomera, kapena uku ndi uku?"

"Uku ndi uku, bwana."

"Imakana! Lembani. Inayamba kalekale."

Chigamulo chinali chakuti riboni idulidwe pakati, anthu onse akuona, ndi dzanja la mfumu. Mfumu, imene inakhala nawo m'khotimo itamanga bandeji pa chala, inawonjezera kuti idulike kamodzi n'kamodzi kuti mariboni ena atengerepo phunziro.

A Chiombammanja anaimirira mosamala. "Mwini Dziko, kuti chigawengachi chimve bwino kuwawa, ndikupempha kuti sizasi iwonjezeredwe ukali. Osati kuti ilibe, ayi. Kungowonjezera."

"Iwonjezeredwe. Gudumu la boma lili kuti?"

Onse anatembenukira kwa Mayi Kamtedza. Iwo, poti anali munthu wachilungamo, anakumbutsa khoti.

"Lili m'wekishopu, bwana. Koma paja ndi yosatsegulidwa."

A Ndimeyanena anaseka mowamvera chisoni. "Mayi, lamulo lija ndi la zinthu zothandiza anthu. Pa nkhani yolanga, boma silidikira. Mulowe lero lomwe."

Mayiwo anayang'ana sizasi imene anawapatsa pa katsamiro kake. Kenaka anagwada bwinobwino, kuposa mmene anagwadira tsiku loyamba lija.

"Mabwana, gudumulo ndi lolemera. Lifunika opukusa mosinthana. Ndipempha a Fomu 4 onse."

"Atengeni."

"Komanso sizasi ya Mwini Dziko singagone pansi ngati khasu. Ifunika kampando kake. Mwana aliyense apange kamodzi, tidzasankhepo kokongola."

A Chiombammanja anaomba m'manja. "Mwamva ulemu? Apange!"

"Kungoti zitenga nthawi, bwana."

"Chinthu cha mfumu sichithamangiridwa," anatero a Ndimeyanena, n'kumenya tebulo.

M'mawa mwake a Sajeni anafufuta okha mzere uja ndi jombo. Ana analowa mwakachetechete ngati m'tchalitchi. M'katimo munkanunkhira matabwa ndi girisi. Mayi Kamtedza anapachika sizasi pa msomali, pamwamba penipeni, n'kutembenuka.

"Gwirani sowo."

Elube ananyamula, dzanja n'kutsika. "Madamu! Kani chimalemera chonchi?"

"Chekani."

Masowo analira, anawo n'kumathandizira ndi pakamwa, khwe-khwe, khwe-khwe.

"Tsekani pakamwa, inu! Masowo akulira okha!"

Tsiku loyamba anathyola misomali yambiri kuposa imene anakhoma. Elube anacheka miyendo inayi, uliwonse msinkhu wake. Sekerani anadzimenya chala ndi hamala yeniyeni, ndipo sananene za chipatala. Anangoluma mlomo, misozi ili chuchuchu, n'kutolanso msomali wina. Ovolo ya Mayi Kamtedza inada mpaka a Hedi anawapitirira panjira osawazindikira. Ana ankabwera ngakhale Loweruka, akuti akukapukusa gudumu la boma, ndipo panalibe kholo lolimba mtima kuwaletsa.

Woyesa mayeso anabwera pa nthawi yake, bambo wonenepa ngati kuti anachita kumusankha. Anakhala pa kampando kalikonse. Tina tinalira, tina tinapendama, koma tinapirira. Ka Elube sikanagwedezeke n'komwe, moti bamboyo anadyerapo nthochi zake. Ka Sekerani kanamugwetsa ndithu, koma anali atalemba kale malikisi, ndipo anati alibe labala.

A Fomu 4 atapita kwawo, a Sajeni Ndawala anatulukira pakhomo la wekishopu, atatumidwa ndi bwalo la nduna. Anavula chipewa n'kukhala pa kampando kena kotsala.

"Madamu, akuti ndidzafunse. Mkaidi uja akadali m'chitokosi, ndipo Mwini Dziko zala zayambanso kuyabwa. Sizasi yatha?"

Mayi Kamtedza anakwera pa benchi, anatsitsa sizasi pa msomali n'kuikanula. Mpeni umodzi unali kunyezimira moti a Sajeni anadziona mano. Winawo unali wakuda bii, wobuntha ngati kale.

"Mbali iyi tanola," anatero.

"Nanga inayo?"

Mayiwo anayang'ana pawindo, pamene panali timitu tambirimbiri titakanikiza mphuno pagalasi. Anatseka sizasi ija, n'kuibwezera pa msomali.

"Inayo ndi ya a Fomu 3."